Khungu la Mkuwa: Chifukwa Chake Zolumikizira Zingwe za Wailesi Zimapsa

Ukamalowa mumzinda wa Kitwe kuchokera ku Ndola, maso amayamba agwera pa phiri lakuda lomwe lili pafupi ndi Wusakile. Si phiri lachilengedwe ayi. Ndi zotsalira za miyala yosungunulidwa zomwe ng'anjo ya mgodi wa Nkana inkalavula kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ndipo anthu amalitcha Black Mountain. Kukula kwa phirili kumasonyeza mmene anthu a ku Kopala, monga eni ake amalitchulira dera la Copperbelt, amauonera mkuwa. Amauyesa ndi matani ndipo amausenzetsa mathiraki akuluakulu opita kumadoko. Mu 2024 dziko la Zambia linakumba matani oposa 800,000. Mwana wokulira kuno amadziwa kuti waya wa mkuwa akanenepa ndiye kuti anyamula magetsi ambiri, ndipo pa magetsi a Zesco omwe timaphikira ndi kusitira zimenezi n'zoona.

Koma pali ntchito ina imene matani alibe nayo phindu. Mafunde a wailesi akamayenda m'waya sagwiritsa ntchito mkuwa wonse. Amangoyenda pakhungu pake, pamalo opyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo khungulo limanka lipyapyala pamene mafundewo akuthamanga kwambiri. Mkuwa wonse wa m'kati umangokhala chigonere.

Nkhani imeneyi ndi ya ku Kitwe ndi ku Ndola monga mmene ilili ya kwina kulikonse, mwinanso kuposa. Kanema woyamba m'dzikoli, lomwe panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, anayamba kuulutsidwa ku Kitwe mu 1961, Lusaka asanamuone. Lero ku Kitwe kuli nyumba youlutsira mawu ya ZNBC, kuli Radio Icengelo ndi Flava FM, ku Ndola kuli Sun FM, ndipo nsanja za Airtel, MTN ndi Zamtel zangoti njo pena paliponse. Pomwe MTN inkakhazikitsa 5G mu Novembala 2022, mizinda iwiriyi inali m'gulu loyamba kulandira. Pansanja iliyonse mwa izi, pakati pa makina oulutsira ndi eriyo, pali kachitsulo kooneka ngati nati ya mpopi wa madzi, komwe kamagwirizanitsa chingwe ndi chinzake. Amisiri amakatcha konekita, ife m'nkhani ino tizikatcha cholumikizira. Nthawi zambiri wailesi ikazima mwadzidzidzi magetsi alipo, m'pomwe mmisiri wodziwa ntchito amayamba kuyang'ana.

Chingwe chokhala ndi waya m'mimba mwa waya

Tengani chidutswa cha chingwe cha dishi ya kanema, cha mtundu womwe umagulitsidwa pa mita ku msika wa Chisokone, muchisende ndi mpeni. Pansi pa chikopa chakunja mupeza ukonde wa tiwaya tating'ono tolukana, nthawi zina pamodzi ndi kachitsulo kopyapyala ngati pepala. Pansi pa ukondewo pali pulasitiki yoyera, ndipo pakati penipeni pali waya mmodzi. Chingwe chotere chimatchedwa coaxial, kutanthauza kuti waya wam'kati ndi chophimba chake chakunja zili ndi pakati pamodzi. Oliver Heaviside wa ku England analembetsa luso limeneli mu 1880, ndipo Lloyd Espenschied ndi Herman Affel a ku Bell Laboratories ku America analikonza kukhala chingwe chogwira ntchito mu 1929.

Ubwino wake ndi wakuti mphamvu ya mafunde imatsekeredwa mumpata wa pakati pa waya wam'kati ndi chophimba, moti siitayikira kunja ndipo zosokoneza zakunja sizilowa. Koma kuti mafunde ayende osapunthwa, kukula kwa mpata umenewu poyerekeza ndi kunenepa kwa waya wam'kati kuyenera kukhala chimodzimodzi kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto. Muyeso wake umawerengedwa ndi ma ohm. Zingwe zoulutsira zimakhala za ma ohm 50, za kanema wa m'nyumba 75. Manambala awa sanagwe kumwamba. Chingwe chokhala ndi mpweya m'kati chimapirira mphamvu yochuluka koposa chikakhala cha ma ohm 30, koma chimataya mafunde pang'ono koposa chikakhala cha 77. Oulutsa mawu amafuna zonse ziwiri, choncho anaima pakati, pa 50. Wolandira kanema alibe mphamvu yoti aiope, chake n'kusunga kafunde kofooka kuti kasathere panjira, n'chifukwa chake anatsamira ku 75.

Cholumikizira ndi malo amene chingwe chimadulidwa n'kupitirizidwa ndi zitsulo ziwiri zongokhudzana. Chilichonse chili ndi dzina. Cha mtundu wa N chinapangidwa m'zaka za m'ma 1940 ndipo chimatchedwa ndi chilembo choyamba cha Neill, dzina la amene anachipanga, Paul Neill. BNC ndi chaching'ono chongopotoza kamodzi, F ndi chija chili kumbuyo kwa dikoda yanu, SMA ndi kakang'ono ka pa zipangizo za WiFi ndi zoyesera, pamene 7/16 ndi chachikulu cha pansanja za foni, chomwe dzina lake ndi miyeso yake: waya wam'kati mamilimita 7, chibowo chakunja mamilimita 16. Aliyense wogula chimodzi mwa izi amafunsa kuti chimanyamula mawati angati. Funso limenelo ndi loperewera, ndipo wogulitsa amene wayankha ndi nambala imodzi yokha wanena theka la choonadi. Mawati omwe cholumikizira chingapirire amadalira frequency.

Dzuwa, dothi ndi magetsi

Frequency ndi kuchuluka kwa maulendo omwe magetsi amapita n'kubwerera pa sekondi imodzi, ndipo imayesedwa ndi ma hertz. Magetsi a m'nyumba amatero ka 50. Wailesi ya FM ili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndiye kuti maulendo pafupifupi 100 miliyoni pa sekondi. Kanema wa digito ali pakati pa 470 ndi 694 MHz. Mafoni amagwiritsa ntchito 900, 1,800, 2,100 MHz ndi kupitirira apo. Setilaiti yomwe imatumiza DStv imalankhula ndi dishi pa 11 kapena 12 GHz, maulendo oposa 10 biliyoni pa sekondi.

Kuti timvetse zomwe kuthamanga kotere kumachita m'waya, tiyeni tipite kumunda mwezi wa Okutobala. Masana dothi la pamwamba limaotcha mapazi, usiku limazizira. Koma mukakumba ndi khasu kufika mkono umodzi, dothi la pansipo silidziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Kutentha kwa masana kusanafike pansi, dzuwa limakhala litalowa kale, ndipo kuzizira kwayamba kukulondola m'mbuyo. Kusintha kwa nyengo, kuchoka m'chisanu cha Juni kufika m'chilimwe, kumachitika pang'onopang'ono, choncho kumalowa mamita angapo. Chosintha mwachifatse chimalowa mozama, chosintha mwaliwiro chimathera pamwamba.

Magetsi m'mkuwa amatsata lamulo lomweli, ndipo ngakhale masamu ake ndi ofanana. Magetsi akamasintha njira amabala mphamvu ya maginito yomwenso ikusintha, ndipo mphamvu imeneyo imabala magetsi ena m'kati mwa waya momwemo, otsutsana ndi oyamba aja pakati pa waya koma ogwirizana nawo m'mphepete. Zotsatira zake, magetsi amakankhidwira kunja. Pa 50 Hz amalowa m'mkuwa mamilimita pafupifupi 9, kotero waya wa m'nyumba amagwira ntchito yense. Pa 1 MHz, komwe kuli wailesi zakale za medium wave, amalowa mamilimita 0.065, kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pa 100 MHz amalowa 0.0065, ndipo pa 1 GHz amangolowa 0.002. Mutati mugawe tsitsi limodzi m'litali mwake magawo 30, gawo limodzi ndilo njira yonse yomwe foni yanu imadalira pamwamba pa nsanja.

Apa mpamene zinthu zingapo zodabwitsa zimamveka. Waya wam'kati wa zingwe zambiri za dishi ndi chitsulo wamba chongokutidwa ndi mkuwa, ndipo maginito amamukoka, komabe kanema amaoneka bwino. Zingwe zikuluzikulu zokwera nsanja, zonenepa ngati mkono wa mwana, m'kati mwake mumakhala paipi ya mkuwa yopanda kanthu, chifukwa kudzaza pakatipo kungakhale kuwononga ndalama ndi kulemetsa nsanja. Zolumikizira zabwino zimapangidwa ndi brass koma n'kukutidwa ndi siliva kapena golide wopyapyala kwambiri, ndipo chokutiracho ndicho chimasenza ntchito yonse. Ndimaona kuti ichi n'chinthu choyenera kuti mwana wa sukulu wa ku Chamboli kapena ku Chifubu achimve: chuma chomwe makolo ake amakumba pansi pa nthaka chimagwira ntchito yake yapamwamba koposa chikakhala chopyapyala moti diso silingachione.

Tsono njira ikapapatiza, oyendamo amapanikizana. Ng'ombe 100 zotuluka pachipata chachikulu zimadutsa mwamtendere, koma pakachipata kakang'ono zimakhulana mpaka fumbi koboo. M'waya kukhulana kumeneku kumasanduka kutentha. Transimita ya mawati 1,000 pa chingwe cha ma ohm 50 imayendetsa ma amp pafupifupi 4.5, ndipo ya mawati 5,000 imayendetsa ma amp 10. Manambalawa si aakulu, ketulo ya magetsi imakoka ofanana nawo. Kusiyana kwake n'kwakuti mu cholumikizira cha N ma amp amenewo ayenera kudutsa pakhungu la kapini konenepa mamilimita atatu okha, n'kulumphira pa timano ting'onoting'ono ta chitsulo chinzake, ndipo zonsezi zili zotsekeredwa m'kati momwe mphepo siifika.

Masamu ake ndi apafupi

Khungu lija silipyapyala mofanana ndi kukwera kwa frequency. Frequency ikakwera kanayi, khungu limachepa ndi theka, kutentha kwa mawati omwewo kumawirikiza kawiri, choncho malire a mphamvu amatsika ndi theka. Ikakwera ka 100, malire amatsika ka 10.

Mapepala a opanga zolumikizira za N amasonyeza kuti chatsopano, choyera, cholumikizidwa ku eriyo yabwino, chimapirira mawati pafupifupi 5,000 pa 20 MHz koma pafupifupi 500 okha pa 2 GHz. Potsata lamulo lija, pa FM chili pa mawati 2,200 kapena kuyandikira apo, ndipo pa kanema wa digito wa 600 MHz chatsikira cha m'ma 900. Chitsulo n'chomwecho, kulemera kwake n'komweko, chasintha ndi liwiro la mafunde basi. Ndipo awa ndi malire a pamapepala, pomwe chinthu chili pafupi kuwonongeka. Mmisiri wosamala sayandikira n'komwe.

Zimenezi zinafika pakhomo pomwe maiko ankasamuka kuchoka ku kanema wakale kupita ku wa digito. Bungwe la ITU linaika tsiku la 17 Juni 2015 kukhala malire a ntchitoyi m'chigawo chathu, ndipo ku Zambia inadzapitirira pansi pa TopStar, kampani yomwe ZNBC inapanga pamodzi ndi StarTimes ya ku China. Transimita yochoka pa VHF, cha m'ma 200 MHz, kupita pa UHF cha m'ma 600 MHz, yakweza frequency katatu, ndipo cholumikizira chilichonse panjirayo chatsala ndi mphamvu yosakwana magawo 6 mwa 10 a yomwe chinali nayo. N'zoona kuti kanema wa digito safuna mawati ambiri ngati wakale kuti afike mtunda womwewo, koma amabwera ndi vuto lake lomwe tilione posachedwa.

Pali kutentha kwachiwiri komwe kumachokera m'pulasitiki yogwira kapini kuti kakhale pakati. Mafunde akamadutsa amagwedeza tizigawo ting'onoting'ono ta m'pulasitikimo, ndipo kugwedezako kumatentha, monga mmene uvuni ya microwave imatenthetsera chakudya pa 2.45 GHz. Kutentha kwa mtundu uwu kumakwera molingana ndi frequency yeniyeniyo: ikawirikiza ka 10, nakonso ka 10. Pa FM sikuoneka, koma tikafika ku ma GHz kumayamba kumveka. N'chifukwa chake zolumikizira zenizeni zimagwiritsa ntchito Teflon, yemwe Roy Plunkett anamutulukira mwangozi ku DuPont mu 1938. Teflon sataya mafunde ambiri ndipo amasungunuka pa madigiri 327, pamene pulasitiki wamba ya polyethylene imafewa ikangopitirira pang'ono madigiri 100. Pulasitiki ikafewa kapini kamapendekeka, muyeso wa ma ohm 50 umasokonekera, mafunde ena amabwerera m'mbuyo, kutentha kumawonjezeka, pulasitiki imafewa koposa. Vutolo limadzidyetsa lokha mpaka chatsala ndi makala.

Malire ena, a mphezi yaing'ono

Cholumikizira chimafa imfa ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yomwe tafotokozayi, yophikidwa pang'onopang'ono, ndipo imadalira mphamvu yapakatikati yomwe ikudutsa kwa nthawi yaitali. Yachiwiri ndi yadzidzidzi. Mavoti akakwera kwambiri, ngakhale kwa kamphindi kochepa kuposa kuphethira, moto umalumpha kuchoka pakapini kupita kuchophimba, n'kusiya kanjira kakuda pa Teflon. Kanjirako ndi kaboni, ndipo kaboni amadutsitsa magetsi, kotero ulendo wotsatira motowo sufunanso mavoti ambiri kuti ulumphe. Malire awa sasintha kwenikweni ndi frequency. Amadalira kukula kwa mpata ndi chimene chili mumpatamo. Choncho pa frequency yotsika, komwe khungu ndi lokhuthala, chomwe chimayamba kupha cholumikizira nthawi zambiri ndi mavoti, koma pa yokwera chimayamba ndi kutentha.

Rada ya pabwalo la ndege imaponya mafunde amphamvu kwa kanthawi kochepetsetsa kenako n'kukhala chete kumvetsera. Mphamvu yake yapakatikati ndi yochepa ndipo zolumikizira zake sizifunda, koma ziyenera kupirira mavoti a kuponyako. Wailesi ya FM ndi yosiyana: mphamvu yake ndi imodzimodzi usana ndi usiku, kaya woulutsa akufuula kaya wakhala chete, ndiye chake n'kutentha. Kanema wa digito ali ndi zonse ziwiri. Mafunde ake ndi timafunde masauzande toyenda pamodzi, ndipo nthawi zina timakumana tonse pamwamba, n'kukweza mphamvu pafupifupi ka 10 kuposa yapakatikati.

Msampha wina, womwe umagwira ngakhale odziwa ntchito, uli pa nsanja zogawana. Kumanga nsanja n'kodula, choncho mawailesi angapo amatha kugwiritsa ntchito chingwe chimodzi ndi eriyo imodzi. Matransimita awiri a mawati 1,000 akaphatikizidwa, kutentha kumakhala kwa mawati 2,000, monga aliyense angaganizire. Koma mavoti awo akakumana pamwamba amawirikiza kawiri, ndipo mavoti owirikiza kawiri ndi ofanana ndi mphamvu yowirikiza kanayi, mawati 4,000. Akakhala matransimita anayi, nsonga imafika pa 16,000. Wailesi yatsopano ikamapempha malo pansanja ya eni, masamu awa ndiwo oyenera kuyamba, mtengo wa lendi ubwere pambuyo.

Bwanji osangopanga chachikulu?

Munthu anganene kuti ngati vuto ndi kuchepa kwa khungu, tingopanga cholumikizira chonenepa kuti khungu litambasuke. Pa FM ndi pa kanema ndi momwe amachitiradi. Matransimita akuluakulu sagwiritsa ntchito N ayi, amagwiritsa ntchito 7/16 kapena zolumikizira za mabawuti zoyesedwa ndi mainchi, monga 7/8, 1 5/8 ndi 3 1/8, zooneka ngati mapaipi a kampani ya madzi.

Koma walira mvula walira matope. Funde lililonse lili ndi utali wake: pa 100 MHz ndi mamita atatu, pa 900 MHz ndi masentimita 33, pa 12 GHz ndi masentimita awiri ndi theka. Utaliwo ukafupika mpaka kufanana ndi mtunda wozungulira mpata wa m'kati mwa chingwe, funde limapeza malo oyendera chozungulira m'malo molunjika kutsogolo, ndipo chingwe chimasiya kumvera. Tiyese ndi 7/16. Pakati pa 7 ndi 16 pali 11.5, ndipo kuzungulira bwalo la mamilimita 11.5 ndi mamilimita 36. Funde la utali umenewu ndi la 8.3 GHz, ndipo opanga amati chisagwiritsidwe ntchito kupitirira 7.5 GHz. N imafika 11 GHz, kapena 18 ikapangidwa mosamalitsa. SMA imafika 18 GHz. Chingwe cha mainchi 3 1/8 chimathera cha m'ma 1.6 GHz. Ndiye frequency imamenya kawiri: imapyapyalitsa khungu, kenako imakukakamiza kugwiritsa ntchito chitsulo chaching'ono chomwe khungu lake ndi lochepa kale komanso chovuta kuziziritsa.

Pofika pamenepo akatswiri amangochisiya chingwe cha coaxial. Mphamvu yaikulu pa ma GHz ambiri amaiyendetsa m'paipi ya chitsulo yopanda waya m'kati, yotchedwa waveguide. Pansanja za foni zamakono anakweza makina oulutsira pamwamba, pafupi ndi eriyo, kuti mafunde ayende mita imodzi kapena mamita awiri okha m'chingwe, ndipo uthenga umakwera nsanja kudzera mu fibre. Dishi ya pakhomo panu nayonso ili ndi nzeru yomweyo. Kachipangizo ka kutsogolo kwake, LNB, kamalandira mafunde a 11 kapena 12 GHz n'kuwatsitsira pakati pa 950 ndi 2,150 MHz asanalowe m'chingwe. Popanda kutero chingwe cha ku Chisokone chija chikanawameza onse asanafike pabalaza.

Dzina nalonso likhoza kusocheretsa. Pali cholumikizira chakale cha m'zaka za m'ma 1930, chofala pa mawailesi olankhulirana a alonda ndi a m'magalimoto, chomwe chimatchedwa UHF kapena PL-259. Chinapatsidwa dzinali pa nthawi yomwe mawu akuti UHF ankatanthauza chilichonse chopitirira 30 MHz. Sichisunga ma ohm 50 m'kati mwake, ndipo pa UHF ya masiku ano sichiyenera konse.

Zomwe pepala la wopanga silidziwa za Kopala

Manambala a pamapepala amayesedwa m'chipinda chozizira bwino, pamalo otsika ngati m'mbali mwa nyanja yamchere, ndi eriyo yomwe ikulandira mphamvu yonse. Nsanja ya ku Kitwe siili m'chipinda chotero.

Mizinda ya Kitwe ndi Ndola ili pamtunda wa mamita 1,200 mpaka 1,300 kuchokera pamwamba pa nyanja. Mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 poyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Mpweya wopepuka suchotsa kutentha msanga, ndiponso moto umaulumpha mosavuta, kotero malire onse awiri amatsika. Onjezanipo dzuwa la Okutobala, pomwe mumthunzi mumapitirira madigiri 30 ndipo chingwe chakuda chili padzuwa chimatentha moti sungachigwire. Cholumikizira chomwe chayamba tsiku chili chofunda kale chatsala ndi mpata wochepa chisanafike pangozi.

Kenako mu Novembala mvula imagwa, ndipo ku Copperbelt imagwa yambiri, mamilimita oposa 1,000 pa chaka. Chingwe chotentha masana chikawazidwa ndi mvula yozizira, mpweya wa m'kati umakhwinyata n'kuyamwa madzi kudzera pa kampata kalikonse. Madzi m'cholumikizira amasokoneza muyeso wa ma ohm, amatentha okha ndi mafunde, ndipo amadya chitsulo. Kumadera oyandikana ndi ng'anjo zosungunulira miyala anthu amadziwa utsi wa sulfure womwe amautcha senta, womwe ukasakanikirana ndi chinyezi umadya ngakhale malata a padenga. Ngati umatero ndi lata, nanga bwanji khungu la mamilimita 0.002? Dzimbiri lomwe pa waya wa magetsi a m'nyumba lingakhale longodetsa maonekedwe, pa cholumikizira cha foni limakhala litadya msewu wonse.

Eriyo nayo ikapindika ndi mphepo, ikalowa madzi kapena kuombedwa ndi mphezi, imaleka kulandira mphamvu yonse ndipo ina imabwerera m'chingwe. Mafunde opita ndi obwerera amakumana, n'kupanga malo ena a mavoti okwera ndi ena a ma amp ochuluka. Mphamvu ikabwerera yonse, pamalo otere pamakhala kuwirikiza kawiri, ndipo ma amp owirikiza kawiri amatentha kanayi. Amisiri amayesa zimenezi ndi mita ya VSWR. Cholumikizira chikapezeka pamalo oipawo chimapsa ngakhale transimita ili pa mawati omwe chakhala chikunyamula zaka zonse.

Pansi pa nthaka nkhani ndi ina. M'migodi yakuya mafunde a wailesi sabowola thanthwe, choncho migodi yambiri padziko imayala m'makwalala ake chingwe cha coaxial chokhala ndi mipata yosiyidwa dala m'chophimba, kuti chizidontheza mafunde njira yonse ndipo ogwira ntchito azilankhulana. Mawati ake ndi ochepa moti palibe chopsa. Adani a cholumikizira kumeneko ndi madzi, fumbi ndi kugwedezeka kwa miyala ikamaphulitsidwa, ndipo chikalephera, anthu a kutsogolo kwake amasowa womuitana.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zolumikizira zachinyengo. Zimawala bwino m'kapepala kake ndipo mtengo wake ndi wokopa, koma m'malo mwa Teflon muli pulasitiki wamba, m'malo mwa siliva muli chokutira cha nickel, ndipo timano take timatambasuka tikangolumikizidwa kawiri katatu. Nickel amakokedwa ndi maginito, ndipo m'zitsulo zotere khungu lija limapyapyala koposa, choncho kutentha kumachuluka. Pansanja za foni chitsulo chotere, kapena cholumikizira chomangidwa mosalimba, chimasakaniza mafunde n'kubala ena achilendo omwe amagonthetsa nsanjayo kuti isamve mafoni akutali. Wailesi za m'madera, zomwe zimayendera ndalama za mauthenga a maliro ndi zopereka za mpingo, ndizo zimakopeka msanga ndi mtengo wotsika, ndipo ndizonso zimavutika koposa zikazima, poti chosinthira chimayenera kuitanitsidwa kunja kwa dziko. Achinyamata omwe akuphunzira zamagetsi ku Copperbelt University ku Kitwe kapena ku NORTEC ku Ndola adzakumana ndi zinthu zimenezi chaka chawo choyamba pantchito, ndipo ndikanakonda atazigwira m'manja asanachoke m'kalasi, chabwino ndi chachinyengo, zonse ziwiri zitadulidwa pakati.

Kumanga kwake nakonso kuli ndi mwambo. Chingwe chimadulidwa pa muyeso womwe wopanga wanena, osati mongoyerekeza ndi diso. Kapini sikayenera kutuluka kwambiri kapena kubisala. N ya ma ohm 50 siilumikizidwa ndi N ya 75, ngakhale zimaoneka ngati mapasa, chifukwa kapini ka 50 n'konenepa ndipo kamathyola timano ta inzake. Nati imamangidwa ndi sipanala yoyesa mphamvu, kenako pamwamba pamakulungidwa tepi ya labala yomata yokha, n'kuphimbidwa ndi tepi ina yoteteza kudzuwa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba ngati mmene amafolerera denga, kuti madzi azitsetsereka osalowa.

Mmisiri wozolowera akafika pamalo oulutsira amayamba wawerenga mita ya mphamvu yobwerera n'kuiyerekeza ndi yomwe analemba mwezi watha. Kenako amaloza kachipangizo koyesa kutentha pa cholumikizira chilichonse, kapena amazimitsa transimita n'kuyendetsa kumbuyo kwa dzanja m'litali mwa chingwe. Chingwe chonse chikhoza kukhala chofunda pang'ono, zimenezo n'zachibadwa. Chomwe akufuna ndi malo amodzi otentha kuposa oyandikana nawo. Akawapeza amamasula nati n'kusuzumira m'kati ndi tochi. Teflon wabwino ndi woyera ngati ufa woyera. Akayamba kuoneka wachikasu kapena wofiirira m'mbali mwa kapini, mmisiriyo amadula chingwe masentimita angapo m'mbuyo, pomwe mkuwa ukadali wowala, n'kuika cholumikizira chatsopano tsiku lomwelo.